Chothyoka Sichituluka Muno

2 Meyi

Okondedwa Amayi ndi Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Ife kuno kudziko la eni tilipo, kupatula msana wangawu umene mpando wa basi waumaliza. Amayi, maso aja akukuvutanibe? Achimwene, ku shedi yanu yowotcherera zitsulo kukuyenda? Chikwangwani chanu chodzitama chija chikadali pakhomo, chakuti CHOTHYOKA SICHITULUKA MUNO?

Ine ndikadali kuyendetsa basi. Achikulire a kuno amati kale munthu wa khungu ngati langa ankakwera polowera khomo lakumbuyo. Lero ndimakhala kutsogolo kwenikweni, chiwongolero m'manja. Komabe sabata yatha bambo wina anakwera, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yake, n'kufunsa kuti, "Mayi, dalaivala abwera nthawi yanji?" Ndinati, "Tiyeni timudikire limodzi." Tinadikira mphindi zitatu zathunthu mpaka basi yonse inayamba kumulalatira.

Chimene ndalembera ndi mdzukulu wanu Mafunso. Dzina lija munamupatsa ali wamng'ono linamukanirira, zaka khumi ndi zinayi tsopano koma pakamwa sipatsekeka. Mzinda uno chaka chilichonse umachita mwambo wokumbukira kutha kwa ukapolo, ndi kukumbukira anthu amene anavutikira kuti wakuda ndi woyera aziyesedwa ofanana. Pokonzekera mwambowo, aphunzitsi awo anawaonetsa chithunzi cha unyolo wa m'miyendo m'buku. Mafunso anaimika dzanja n'kunena kuti, "Kwathu tili nawo weniweni, anavala ndi agogo awo a agogo anga." Kalasi yonse inaseka. Mnyamata wina, yemwe amamutchula kale mayina oipa chifukwa cha khungu, anati ndi wabodza, zinthu zotere zimakhala m'nyumba zosungiramo zakale, osati m'mabokosi a anthu ngati ife. Mwana anabwera kunyumba, masiku awiri osafunsa funso ngakhale limodzi. Ndinachita mantha.

Aphunzitsiwo, mayi wa mtima wabwino koma wa misozi yapafupi, anena kuti unyolowo ukabwera, Mafunso adzalankhula mu holo ya mzinda pa 22 Ogasiti, a meya ali pomwepo.

Choncho ndikupempha. Tsegulani bokosi lachitsulo la malemu bambo, mutulutse unyolo wa Agogo Aakulu, munditumizire pa positi. Achimwene, muupukute fumbi, usabwere uli mbuu ngati watoledwa kudzala. Mwana wanga walankhula pagulu. Unyolowo ukapanda kubwera, adzakhala wabodza mpaka amalize sukulu.

Ndine wanu,
Mayi a Mafunso

18 Meyi

Mlongo wanga wokondedwa,

Moni wochokera ku shedi. Kalata yako yafika dzulo ndipo ndaiwerenga ndekha, chifukwa Amayi kulibe. Apita kuchipatala chachikulu kukachotsetsa ng'ala, diso lamanzere kaye kenako lamanja, ndipo akukhala kwa azakhali mpaka kumapeto kwa Juni. Ananyamuka akunena kuti akabwera akuona, adzayamba n'kuona ngati ndimameta ndevu.

Chikwangwani chilipo, ndachipakanso penti, ndipo usamachiseke. Mwezi uno wokha ndawotcherera mabedi anayi, ndaika zitsulo m'mawindo onse a nyumba ya Amayi, ndakonzanso geti la a hedimasitala limene ng'ombe inagwetsa. Ng'ombe ija inabweranso, inagunda, inakhala pansi. Geti lili chiimire.

Mnyamata wonyoza Mafunsoyo ali ndi mwayi kuti pakati pa iye ndi ine pali mtunda.

Tsono za bokosi lija. Kunena zoona, papita zaka zambiri ndisanaligwire. Ukukumbukira kuti ine ndi bokosi limenelo sitinkamwerana madzi. Bambo akangotenga kiyi, ine ndinkakumbukira kuti mbuzi sizinamwe. Koma chifukwa cha Mafunso ndalitsegula. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pabedi, ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kodi iwe unauona liti komaliza? Unauyang'anitsitsa? Ndangofunsa chabe.

Usade nkhawa. Undipatse milungu itatu. Unyolo umenewu udzafika kumeneko uli moti a meya adzavula chipewa.

Ukapeza mpata unditumizire magalasi owotcherera a kumeneko. Angawa anasweka pakona, ndiye ndikangotseka maso ndimaona nyenyezi masanasana.

Ndine mchimwene wako,
Mwini shedi

3 Juni

Achimwene,

Moni. Ndamva za maso a Amayi, ndikuwapempherera. Magalasi ndikufunirani.

Koma milungu itatu yochitira chiyani? Kupukuta fumbi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Kulungani zidutswa zonse ziwiri m'nsalu, muike m'katoni, mupite ku positi. Basi.

Kuno sitikugona. Mafunso akukonzekera zolankhula zake, ndipo wandisandutsa mboni m'khoti. Agogo Aakulu anali ndi zaka zingati? Unyolo unkalemera bwanji? Ankagona nawo? Ndamuuza zonse monga bambo ankanenera akatsegula bokosi. Inu munkakhala muli ku mbuzi zanu, ndiye imvani mmene iye walembera:

"Agogo awo a agogo anga anagwidwa ali kamtsikana, akutunga madzi. Anawaveka zibangili ziwiri zachitsulo m'miyendo, zolumikizidwa ndi unyolo waufupi, ndipo anakhala nazo zaka zitatu. Tsiku limene anamasulidwa, kiyi sanapezeke. Wosula zitsulo wina anaika unyolowo pamwala, n'kudula mphete yapakati ndi tchizulo. Anamenya katatu. Zibangili zinachotsedwa pambuyo pake, koma iwo anakana kuzitaya. Akuti mpaka kukalamba ankayenda timasitepe tating'ono, ngati unyolo ukadalipo."

Akafika pamenepo adzanyamula chidutswa chimodzi kudzanja ili, china kudzanja ilo, n'kutambasula manja. Wayeserera ndi malamba anga awiri mpaka wagwetsa wotchi yapakhoma.

Chimene akufunitsitsa kuona ndi zipsera zitatu zija za tchizulo pa mphete yodulidwayo. Bambo ankagwira chala changa n'kuchiika pamenepo, chimodzi chimodzi, n'kumati, "Banja lathu linayambira apa." Ine ndinkalira nthawi zonse, ngakhale nkhaniyo ndinkaidziwa pamtima. Ndikufuna chala cha mwana wanga chigwire pomwepo.

Mnyamata uja tsiku lililonse akumufunsa kuti, "Unyolo wako uja wakwera sitima iti?" Chonde fulumirani.

Mlongo wanu,
Mayi a Mafunso

14 Juni

Mlongo wanga,

Sindinalandire yankho lako, koma ntchito yatha ndiye sindidikira. Kalata iyi ndaiika m'phukusi momwemo. Usatsegule nsalu usanaiwerenge, ndipo ukhale pansi.

Pali chinthu chimene ndasunga mumtima zaka makumi atatu ndi zisanu. Unyolo wa Agogo Aakulu ndinaudula ndine.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nonse munapita kutchalitchi, ine ndinanama kuti mutu ukundipweteka. Ndinkafuna chokokera galimoto yanga yamawaya. Ndinatsegula bokosi, ndinaunyamula, ndipo unangoti pansi ngwengwerere, zidutswa ziwiri. Mlongo wanga, ndinatsala pang'ono kunyowetsa kabudula. Ndinaubweza, ndinayala nsalu pamwamba, ndipo mutu unayambadi kundipweteka. Kuyambira tsiku limenelo, bambo akagwira kiyi ine ndinkatulukira pawindo. Ndili kuseri kwa khola ndinkamva iwo akulankhula motsitsa mawu, iwe ukusisima, ine n'kumati, basi, akulira unyolo umene ndinaphwanya. Sanandifunse ngakhale tsiku limodzi. Anamwalira osandifunsa. Munthu wabwino chotere!

Ukuganiza kuti ndinaphunziriranji kuwotcherera?

Tsopano mlandu wanga ndautha. Mphete yapakati inali yasaa, m'mbali mwake muli zipsera zitatu zonyansa. Ndinaiwongola pa vayisi, ndinasalaza zipserazo ndi galainda, ndinawotcherera mbali zonse ziwiri ndi ndodo zowotcherera zimene ndimasungira mageti a anthu olemera. Chitsulo chakale n'chamakani, chimalavula, koma chinandimvera. Kenako ndinapala dzimbiri lonse n'kupaka penti ya siliva, kawiri. Ndinauyesa pokokera ngolo yodzaza njerwa kuchokera ku shedi mpaka pamsika. Sunatekeseke n'komwe. Ukapeza pamene ndinalumikiza, ndidzakugulira nsapato.

M'kati mwa chibangili chimodzi ndadindamo tizilembo ta shedi yanga, tating'ono kwambiri, mwina wina kumeneko angafune geti.

Umuuze Mafunso akaime mutu uli m'mwamba. Banja lathu silitumiza zothyoka kwa alendo. Ine lero ndadya mbale ziwiri, mtima uli myaa koyamba chikhalire.

Ndine mchimwene wako womasuka,
Mwini shedi

29 Juni

Mwana wanga,

Ndikulemba ndekha ndi dzanja langa, popanda wondiwerengera. Maso atseguka onse awiri. Zoyamba kuona ndi izi: denga likudontha malo atatu, azakhali ako akalamba kuposa mmene amanenera, ndipo mchimwene wako ndevu sameta.

Kalata yako ya pa 3 Juni yatipeza dzana. Inadzera m'bokosi la mpingo, abusa anaiika m'Baibulo posonyeza pamene alekezera, ndipo yakhala m'buku la Yobu milungu iwiri. Ndinati ndiyesere maso atsopano, ndiye ndinawerenga mokweza, mchimwene wako akumwa tiyi. Nditafika pa "zidutswa zonse ziwiri" anaika kapu pansi. Nditafika pa wosula zitsulo anaimirira. Nditafika pa zipsera zitatu anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni, miyendo tambalale ngati khanda.

Ndinati, "Iwe, wadwala?"

Anati, "Amayi, unyolo uja unali woduka kale?"

Ndinati, "Unaduka agogo ako asanabadwe. Nanga tinkausungiranji? Wosaduka timamangira galu."

M'pamene anandiuza zonse, kuyambira galimoto yamawaya mpaka penti ya siliva. Mwana wanga, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ngakhale adokotala anandiletsa kugwedeza mutu. Kenako ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula bokosi, ndinapezamo nsalu yokha, ndipo ndinalira. Zaka zisanu zimene ndakhala mumdima ndinkangopapasa zipsera zija, ndikumati tsiku lina ndidzazionanso pamene chala cha bambo ako chinkakhala. Maso abwera, zipsera zapita.

Koma cholakwa si chake yekha. Mwana amatulukira pawindo zaka zonsezo, ife tikumangoti ndi waulesi pomvera nkhani. Palibe amene anamutsatira kuseri kwa khola kukamufunsa. Amati safunsa anadya phula, koma m'nyumba muno osafunsa tinalipo atatu, ndipo awiri tinali akuluakulu.

Anathamangira ku positi kuti abweze phukusi, anamuuza kuti linapita kalekale. Shedi watseka, chikwangwani wachiphimba ndi thumba. Sakudya. Ndevu wameta popanda womuuza, ndiye udziwe kuti zavuta.

Usamukalipire kwambiri. Umukalipire ndithu, koma usiyeko pang'ono, ine ndayamba kale. Undipsompsonere Mafunso.

Ndine mayi ako

13 Julayi

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa Amayi anatilera bwino.

Phukusi lanu ndi kalata ya Amayi zafika tsiku limodzi. Tsoka ilo, tinayamba ndi phukusi. Mafunso anaitana aphunzitsi ake kuti adzaone potsegula. Mayiwo anabwera atavala magolovesi oyera, kampango kopukutira misozi kali kale m'manja. Ndinatsegula nsalu. Achimwene, chinthucho chinawala mpaka mphaka wa aneba anadumpha pawindo n'kuthawa. Aphunzitsi anachizungulira kawiri, n'kufunsa mwaulemu ngati tagula kusitolo ya njinga. Kenako anapeza tizilembo ta shedi yanu.

Kalata yanu ndinaiwerenga pambuyo pake, nditakhala pansi monga munalamulira.

Mafunso sanalire. Bola akanalira. Anangoyendetsa chala pa mphete iliyonse kufunafuna zipsera zija, kawiri konse, n'kukadzitsekera kuchipinda. Dzina lake lasindikizidwa kale pa ndondomeko ya mwambo, pansi pa mutu wakuti "Unyolo Umene Unadulidwa."

Penti ndachotsa, masiku anayi, nyumba ikununkha ngati galaja. Ndayesa ndi sowo, mano onse atha, unyolo ukungondiyang'ana. Amakaniko a ku depoti yathu ya basi akuti ndibweretse audule ndi galainda, kenako tiuviike m'madzi amchere uchite dzimbiri, palibe adzadziwe. Ine ndavomera. Mafunso wakana. Akuti, "Anandinena wabodza ndisananame. Tsopano mukufuna ndikaname zenizeni?"

Ndiye ndiuzeni, a Chothyoka Sichituluka Muno, mwana wanga akaime pamaso pa mzinda wonse ndi chiyani? Akatambasule bwanji manja?

Magalasi aja ndinagula. Ali pa kabati. Akhala pomwepo mpaka mtima wanga utsike.

Mlongo wanu,
Mayi a Mafunso

Ndinaiwala. Zaka zisanu ndi zinayi, kuseri kwa khola, nokhanokha. Bwanji osandiuza ine, opusa inu? Dzulo ndakumbukira zimenezi ndili pa loboti, ndinalira mpaka a kumbuyo anaimba hutala.

28 Julayi

Mafunso, mwana wa mlongo wanga,

Moni. Ndikulembera iwe chifukwa amayi ako ali ndi chifukwa chokwanira chosawerengera kalata zanga.

Ndine munthu woyamba m'banja lathu kubwezera Agogo Aakulu mu ukapolo, ndipo ndinachita ndi ndodo zowotcherera zokwera mtengo. Zipsera zija sindingazibweze. Ndinazisalaza ndekha, ndikuimba nyimbo. Ndikupepesa, ndipo kupepesa kwanga sikukwanira.

Chochita pa tsikulo sindikuuza, wanzeru pakati pa iwe ndi ine wadziwika kale. Ndingokuuza zimene ndimadziwa, zomwe ndi zitsulo. M'kaphukusi aka muli tchizulo. Ndasula ndekha kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndipo ndi ntchito yokhayo imene ndagwira mwezi uno. Ukafuna kudula unyolowo, tsatira izi.

Usauike patebulo, tebulo lidzathyoka. Upeze chidutswa cha njanji.

Usamenye pa mphete yapakati. Ndikunena izi ndi manyazi aakulu, koma zoona ndi zoona: pamene ndawotcherera ine sipaduka. Umenye mphete yotsatira, mbali ya chibangili chimene chili ndi tizilembo tija. Ndinaiona kuti yadyeka pang'ono.

Hamala ikhale yolemera. Wina agwire tchizulo ndi chopanira, osati ndi zala, ndipo akhale munthu amene sumukonda kwambiri.

Uteteze maso. Magalasi aja amayi ako akundimana, uvale iweyo.

Ukafuna kuuza anthu kuti amalume ako ndi chitsiru, uwauze. Palibe bodza pamenepo.

Agogo ako akupereka moni. Tsopano akuona chilichonse, moti m'nyumba muno mulibenso mtendere.

Ndine amalume ako

23 Ogasiti

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji? Agogo ali bwanji? Kodi ng'ombe ija inadzuka? Pepani ngati ndalakwitsa mawu ena. Amayi akana kundithandiza kulemba, akuti phewa likuwapweteka. Muona chifukwa chake.

Mwambo unali dzulo. Holo inadzaza. A meya analankhula mphindi makumi anayi za kufanana kwa anthu onse, ndipo anthu onse anagona mofanana. Kutsogolo kunali agogo ena aamuna a pa njinga ya olumala, amene ali mnyamata anamangidwa katatu chifukwa cholowera khomo lakutsogolo la holo yomweyo. Amakaniko anayi a ku depoti analowa atanyamula chidutswa cha njanji. Wosamalira holo anagwira mutu poona simenti yake.

Ataitana dzina langa, ndinanyamula unyolo m'mwamba. Mnyamata uja anali pamzere wachitatu. Anakuwa kuti, "Si woduka!" Ine ndinati, "Eya, si woduka. Ndikuuzani chifukwa chake."

Ndinanena za Agogo Aakulu, za chitsime, za wosula zitsulo. Kenako ndinanena za inu. Sindinati ndinu chitsiru. Ndinati amalume anga ndi munthu wabwino ndiponso mmisiri, koma nkhani ikamanenedwa ankatulukira pawindo, ndipo palibe amene anawatsatira. Ndiye anaona unyolo woduka n'kuganiza kuti ndi chinthu chowonongeka chofunika kukonza. Pa penti ya siliva anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Kenako kuseka kunatha, holo inangoti zii. Agogo a pa njinga aja anati mokweza, "Owotcherera alipo kunonso, mwanawe!" A meya anayang'ana nsapato zawo.

Ndinaika unyolo pa njanji, ndinavala magalasi anu. Amalume, bwanji simunandiuze kuti ndi akuda bii? Sindinaone kalikonse. Ndinamenya njanji. Nditavula ndinafunsa ngati alipo wondithandiza.

A meya ndiwo anayamba kubwera. Ndinawasonyeza mphete yoyenera, koma anati akudziwa, n'kumenya pamene munawotcherera. Hamala inadumpha n'kugwetsa maluwa. Kenako aphunzitsi ndi magolovesi awo. Kenako mzere unayambira pa nsanja mpaka kukhomo, akuda, oyera, ansembe, osesa, aliyense kumenya kamodzi. Ndinawerenga anthu makumi asanu ndi limodzi. Ambiri ankaphonya. Kwaya inatha nyimbo zake zonse n'kuyambiranso.

Mnyamata uja analowanso pamzere. Atafika, ndinakumbukira malangizo anu, ndinamupatsa chopanira kuti agwire tchizulo. Hamala ndinapatsa amayi. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali asanakweze dzanja. Iye anatseka maso, milomo ikupemphera. Amayi anamenya kamodzi. Kawiri. Kachitatu unyolo unati thii!

Ndinanyamula chidutswa kudzanja ili, china kudzanja ilo, ndinatambasula manja mpaka kumapeto. Anthu anaimirira. Amayi analira, hamala ili m'manja. Potsika pa nsanja panali masitepe atatu, ine ndinalumpha onse kamodzi. Amayi anandikalipira, koma agogo a pa njinga anaomba m'manja.

Panja mnyamata uja anapempha kuti agwireko. Ndinamufunsa kuti, "Wabodza ndani?" Anati, "Ine." Ndinamufunsanso kawiri chifukwa kunali phokoso.

Pamene munawotcherera sipanatekeseke. Wamkulu wa amakaniko wapeza tizilembo tija, akufunsa ngati mumapanga mageti otumiza kunja.

Chidutswa chimodzi tasunga. China, chimene chili ndi ntchito yanu, tikubweza pamodzi ndi magalasi. Amayi akuti mtima wawo watsika, koma musazolowere.

Funso lomaliza. Amalume, nkhani ya Agogo Aakulu munaimvapo yonse kuchokera pakamwa pa munthu?

Ndine wanu,
Mafunso

10 Seputembala

Mlongo wanga ndi Mafunso,

Moni nonse. Chidutswa chafika, magalasi afika. Kalata ya Mafunso ndaiwerenga kasanu, ndipo pamene akuti sipanatekeseke ndayesetsa kusanyada.

Amayi anatenga chidutswacho n'kupita nacho padzuwa. Anaika chala pa mphete yodulidwayo, anawerenga zipsera zatsopano, chimodzi, ziwiri, zitatu. Anati, "Dzanja la mwana wanga ili. Amamenya ngati bambo ake." 

Shedi ndatsegula. Thumba ndachotsa pa chikwangwani, ndipo pansi pake ndalembapo mawu awiri: KUPATULA CHIMODZI. Aliyense wobwera akufunsa kuti chimodzi chake chiti.

Mafunso, funso lako yankho lake linali ayi mpaka dzulo. Titadya chamasana, Amayi anatenga kiyi wa bokosi. Miyendo yanga inaimirira yokha, chizolowezi cha zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinangozindikira ndili pawindo. Koma windo lija ndinaliika zitsulo ndekha mu Meyi, ndipo ntchito yanga mukuidziwa.

Amayi anati, "Wayesa. Tsopano bwera kuno, undipatse chala."

Ndinakhala pansi, ndinawapatsa chala, ndipo ndinamva yonse mpaka kumapeto.

Ndine wanu,
Mwini shedi